Dzina ndi lomwelo, koma seva yatsopano ikukana kuwadziwa

Mwezi wa Januwale, nthawi imene tiyi amaphuka kwambiri kuno ku Thyolo, seva yakale (kompyuta yaikulu imene makompyuta ena amatengako zinthu) ya pa ofesi yathu inayamba kuzima yokha, choncho tinagwirizana zosamutsira ku makina atsopano database (nkhokwe ya zolembedwa) ya pulogalamu ya SQL Server imene timasungamo makilogalamu a tiyi wa alimi. Ndinabwezeretsa backup (kope ya database imene tinasunga) pa seva yatsopano Lamlungu madzulo ndipo zonse zinaoneka kuti zili m'malo mwake, koma Lolemba m'mawa palibe kalaliki ndi mmodzi yemwe amene anatha kulowa mu database, pamene alimi ochokera ku Bvumbwe ndi ku Luchenza anali atakhala kale pakhonde kudikira malipiro awo.

Ndinapanga ma login (maakaunti olowera mu seva) atsopano a mayina omwewo, osaphula kanthu. Nditayesa kuwapatsa mwayi wolowa mu database, seva inandibwezera uthenga wa nambala 15023, wonena kuti user (akaunti ya m'kati mwa database) wa dzina limenelo alipo kale.

Gwero la vutoli ndi lakuti SQL Server imalemba munthu m'malo awiri. Login imasungidwa mu database ya seva yeniyeniyo yotchedwa master ndipo imatsala pa seva yakale, pomwe user, pamodzi ndi zilolezo zake zonse, amakhala m'kati mwa database yanu ndipo amasamuka nayo. Chimene chimalumikiza ziwirizi si dzina ayi, koma nambala yotchedwa SID, monga mmene nambala ya pa chiphaso cha unzika imasiyanitsira anthu awiri a m'mudzi umodzi amene ali ndi dzina lofanana. Login yatsopano imalandira SID yatsopano, motero user uja amatsala wamasiye. Olowa ndi maakaunti a Windows a pa domain (netiweki ya ofesi) imodzi savutika chotere, chifukwa SID yawo imachokera ku Active Directory, kaundula wa maakaunti a pa netiwekiyo.

Nditayerekeza ma SID a mu sys.database_principals (mndandanda wa ma user) ndi a mu sys.server_principals (mndandanda wa ma login), ndinalemba lamulo lolumikiza user ndi login yake yatsopano, ALTER USER kalaliki1 WITH LOGIN = kalaliki1, ndi kubwereza lamuloli kwa aliyense. Ambiri amakondabe lamulo lakale la sp_change_users_login pa ntchito yomweyi, koma Microsoft inalengeza kale kuti idzalichotsa. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musafufute user n'kumupanganso, pakuti zilolezo zimene munazikonza kwa zaka zambiri zimapita naye limodzi.

Makalaliki analowa nthawi itakwana 10 koloko. Usiku womwewo ndinakopera ma login onse ndi sp_help_revlogin, pulogalamu ya Microsoft imene imasunga SID ndi mawu achinsinsi monga zilili, ndipo fayiloyo tsopano imakhala pamodzi ndi backup.