Bambo a kunyumba atuluka, zikomo nonse

Abale ndi alongo, kuno ku Ulongwe, ku Tsangano, ku Moatize mpaka a kwa Dedza uko, bambo a ana anga atuluka kundende ndipo ali pakhomo pano. Awonda, mano awiri palibe, koma akuyenda ndi miyendo yawo ndipo nsima akudya. Ambiri mumandiimbira foni ine osayankha, pepani, pakamwa panali polemera. Ndiye ndati ndilembe pano kuti zikomo wanga afike kwa onse.

Amene simukudziwa, iwowa amagulitsa mbatatesi, amakagula kwa alimi ku Tsangano nkutsika nayo ku Tete. Chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitatha dziko la Mozambique linatentha monse mukudziwa, misewu kutsekedwa, matayala kuyaka, intaneti kumangoduka, ndiye mu Disembala muja zotsatira zitatsimikizidwa zinthu zinafika poipa. Anawatenga pamsewu pamodzi ndi anyamata ena, matumba ali pambali, munthu woti ngakhale nyimbo ya chipani sadziwa. Mlandu wake sunaoneke mpaka tsiku lotuluka.

Choyamba zikomo kwa amayi a chigwirizano a mpingo wathu. Inu amayi inu! Munda wanga ukanagonera chaka chino koma munabwera ndi makasu anu kudzapalira ndi kubandira, wina mpaka anabweretsa feteleza wake theka la thumba osandiuza, ndinangopeza chimanga chabiriwira. Alamu anga a ku Moatize amene mumanyamula chakudya kukapereka kundende ngakhale masiku ena amakubwezerani pageti, Mulungu akudalitseni. Achimwene a ku Joni ndi onse amene mumaponya kangachepe pa M-Pesa ndi e-Mola, ena 100 metikali ena 500, ndi imene inalipira chapa (minibasi) ndi loya. Abusa ndi akulu a mpingo, zikomo posatopa nane.

Koma ndikufuna ndiime pa apongozi anga pang'ono, chifukwa popanda iwo kaya. Anthu amabwera ndi malangizo ambiri, ena ankati pereka refresko (kachiphuphu) kwa abwana akutiakuti mawa lomwe atuluka, ena ankati kuli sing'anga woopsa ku Makanga amafafaniza mlandu, ena ankati pita ukagwade kwa akuluakulu a chipani. Ndipo sindikuwanyoza, ankanena chifukwa chondimvera chisoni. Apongozi anangoti mwana wanga, ng'ombe tigulitse ya loya koma ya chiphuphu ayi, mwana wanga sanabe. Mayi amenewa anathawa nkhondo ndi ana kumsana mpaka ku Dedza, anakhala othawa kwawo zaka zambiri nkubwerera mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 utasainidwa ku Roma, anapeza mudzi uli tchire lokhalokha. Amakumbukira bwino za 1985 pamene ansembe awiri, bambo João de Deus Kamtedza ndi bambo Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera kufupi ndi Lifidzi. Ife si Akatolika koma apongozi amawatchula ndi ulemu, amati anthu aja akanatha kuthawa koma anakhala ndi nkhosa zawo. Ndiye amandiuza kuti ine ndaona Apwitikizi, ndaona a mfuti a mbali zonse ziwiri, onse ankaoneka ngati sadzachoka, lero ali kuti?

Usiku wina ndikulira anandiwerengetsa Danieli 3, anyamata atatu aja pamaso pa Nebukadinezara. Ine ndimathamangira poti anatuluka m'ng'anjo osapsa. Iwo ayi, anandibweza pa vesi 17 ndi 18, pomwe anyamatawo akuuza mfumu kuti Mulungu wawo angathe kuwalanditsa, koma ngakhale atapanda kutero fano lake salilambira. Apa ndi pamene panandilasa. Ine ndimapemphera ngati ndikuchita malonda ndi Mulungu, mukawatulutsa ndidzachita chakuti. Kuyambira pamenepo pemphero linasintha, ndimapemphabe kuti atuluke inde, tsiku ndi tsiku, koma ndinasiya kumuopseza.

Ndichifukwa chake sindikufuna wina awerenge izi nkumati Mulungu waonekera chifukwa bambowa atuluka basi. Nanga amayi amene ana awo anapita pamsewu nthawi ija osabwerera, Mulungu wawo ndi wina? Nanga amene amuna awo akadali mkati? Ine sindinapemphere kuposa iwo ayi. Wolemba kalata yotulutsa ndi munthu, wotseka chitseko ndi munthu, koma onsewo mpweya amapuma wobwereka, ndipo mwini wake sanachoke pampando ngakhale tsiku limene amatibweza pageti ndi nsima yozizira.

Za amene anawamenya musandifunse kuti takhululuka kapena ayi, tikulimbana nazo, bambowa usiku amadzidzimukabe akamva galimoto yaima panja. Mutipempherere pamenepo.

Lamulungu likubwerali tidzapereka chopereka cha chithokozo kutchalitchi, tikatuluka tonse kunyumba, kuli thobwa ndi nkhuku zingapo, mbatatesi ndiye musachite kufunsa. Amayi a kwaya bwerani ndi ng'oma zanu. Ndipo amene muli ndi m'bale amene akadali mkati, ndilembereni ku inbox, nambala ya loya uja ndikupatsani ndipo dzina la m'bale wanuyo tidzalitchula m'pemphero tsiku limenelo.