Envulopu ya malata ndi ndalama za ganyu

Lamulungu, mu Januwale, kufupi ndi Santhe m'boma la Kasungu.

Mvula inagwa usiku wonse ndipo inakata kunja kukuyera. Podzuka ndinapeza akazi anga atasita kale malaya oyera, chifukwa lero inali nthawi yanga yowerenga mawu kutchalitchi, ndipo iwo salola kuti mkulu wa mpingo aime kutsogolo ndi malaya okwinyika. M'thumba la jekete munali envulopu yomwe ndinaikamo dzulo madzulo, momwe munali K20,000 ya malata a tchalitchi chathu chatsopano. Ndalamayi ndinailonjeza pamaso pa anthu mu Novembala, ndipo lero ndilo tsiku lomwe mayina a olonjeza amayenera kuitanidwa mmodzimmodzi.

Ndili mkati momanga tayi ndinamva kuodira pabwalo. Anali mayi wina wamasiye wa kutsidya kwa dambo, amene wakhala akubandira chimanga m'munda mwanga kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi. Tinapangana K18,000 pa ndime yonse, ndipo ntchito anaigwira bwino, moti nditapita kukayendera sindinapeze mzere ndi umodzi womwe wolumphidwa. Lachinayilo ndinawauza kuti adikire malipiro anga a kusukulu kumapeto a mwezi, iwo sanatsutse. Lero anakhala pansi pafupi ndi nkhokwe, mwana ali kumsana, nalankhula ndi akazi anga motsitsa mawu. Akazi anga analowa m'nyumba nati, "Abambo, amayi aja abwera, akuti kunyumba kwawo ufa unatha dzana." Ine ndinayankha ndikuyang'ana pagalasi kuti, "Auzeni kuti lero ndi tsiku la Mulungu, za ndalama sitikamba lero." Akazi anga anayang'ana thumba la jekete, kenaka anayang'ana ine, natuluka osanena kanthu. Ndinamva akuwapatsa mayiwo kambale ka ufa wa m'mphika mwathu, koma ndinakhala ngati sindikumva.

Kutchalitchi anthu anachedwa chifukwa cha matope, moti amayi a Chigwirizano anaimba nyimbo zingapo podikira kuti mabenchi adzaze. Abusa anali atapita ku nyumba ina ya mapemphero, choncho analalikira mkulu mnzanga, bambo wachikulire amene salankhula mokuwa. Ine ndinawerenga Marko 12:28-34 m'Buku Lopatulika la malemu bambo anga, lomwe chikuto chake ndinachimata kale kawiri. Kumasulira kumeneku kunatuluka kwathunthu mu 1922, ndipo ife a Sinodi ya Nkhoma tinakula nako, moti mawu ake amatuluka pakamwa munthu usanawaganize n'komwe. Mwina vuto lake n'lomwelo. Ndinawerenga kuti uzikonda Ambuye Mulungu wako ndi mtima wako wonse, ndi moyo wako wonse, ndi nzeru zako zonse, ndi mphamvu yako yonse, ndiponso kuti uzikonda mnzako monga udzikonda mwini, ndipo ndinawerenga momveka bwino, kupuma pamalo oyenera, popanda liwu ndi limodzi londikhudza.

Mlaliki anayamba ndi kufotokoza kuti Yesu sanapeke lamulo latsopano poyankha mlembi amene anamufunsa m'ndimeyi kuti lamulo lalikulu ndi liti. Aphunzitsi a Chiyuda anawerenga malamulo a m'mabuku a Mose napeza kuti alipo 613, choncho funso lakuti lalikulu ndi liti linali funso lenileni kwa munthu wofuna kudziwa poyambira. Yesu anatenga lamulo loyamba pa Deuteronomo 6:4-5, mawu omwe Ayuda opembedza amanena m'mawa ndi madzulo mpaka lero, ndipo lachiwiri analitenga pa Levitiko 19:18. Mlembiyo anafunsa lamulo limodzi koma anapatsidwa awiri omangidwa pamodzi, ndipo mlaliki anati zili ngati goli la ngolo, lomwe silikoka ngati mwamangirira ng'ombe imodzi yokha.

Uphunzitsi unandipatsa chizolowezi chakuti munthu akatchula ndime, ndimatsegula kuti ndione zomwe zaizungulira. Choncho ulaliki uli mkati ndinatsegula Levitiko 19, mutu womwe kunena zoona sindikumbukira kuti ndinauwerengapo wonse. Ndinkayembekeza kupeza mawu okhudza mtima ndi maganizo abwino, koma ndinapeza nkhani za kumunda ndi kumsika. Ndime 9 ndi 10 zikuti pokolola usamalize m'mphepete monse mwa munda, usakunkhe zotsala, uzisiyire wosauka ndi mlendo. Ndime 14 ikuletsa kutemberera wogontha ndi kuika chokhumudwitsa patsogolo pa wosaona. Ndime 15 ikuletsa kukondera poweruza mlandu, ndipo kumapeto kwa mutuwo kuli lamulo la miyeso yoona, lomwe linandikumbutsa masikelo ena omwe timakumana nawo pogulitsa soya ndi mtedza. Koma pomwe maso anga anaima ndi pa ndime 13, yomwe ikunena kuti malipiro a munthu wolembedwa ntchito asagone kwa iwe mpaka m'mawa. Kuchokera pamenepo kufika pa mawu akuti uzikonda mnansi wako pali ndime zisanu zokha. Ndinawerenga pa zala kuti ndalama za mayi aja zagona kwa ine Lachinayi, Lachisanu ndi Loweruka, mausiku atatu, ndipo mmawa uno ndinagwiritsa ntchito dzina la Mulungu pofuna kuwonjezera usiku wachinayi.

Ndinayesa kudzitchinjiriza mumtima, monga achitira munthu aliyense wogwidwa. Ndinati sindinakane ngongole, ndangoichedwetsa. Ndinati envulopuyi si yanga, ndinaipatula kale kuti ndi ya Mulungu. Koma kachilembo ka m'mphepete mwa tsamba kananditumiza ku Deuteronomo 24:14-15, komwe chifukwa chake chalembedwa poyera: umpatse tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, pakuti ndi wosauka ndipo mtima wake uli pa malipirowo. Ine ndikhoza kudikira mwezi kutha chifukwa m'nkhokwe muli chimanga, pomwe wa ganyu mu Januwale amadya zomwe wagwirira tsiku lomwelo. Za kupatula ndalama kuti ndi za Mulungu, ndinakumbukira ndekha kuti pa Marko 7 Yesu anadzudzula anthu amene ankanena kuti chuma chawo ndi Korban, ndiko kuti mphatso ya kwa Mulungu, pofuna kuthawa udindo wothandiza makolo awo. Ndipo m'ndime yomwe ndinawerenga ndi pakamwa panga, mlembi uja anavomereza kuti kukonda Mulungu ndi mnzako kumaposa nsembe zopsereza zonse, Yesu namuuza kuti sali kutali ndi Ufumu wa Mulungu.

Chondichititsa manyazi kwambiri n'chakuti ine ndimadziwika kuno ngati munthu wolankhula molimba pa nkhani ya matenanti. Kasungu ndi dera la fodya, ndipo tonse tinaona mabanja obwera kuchokera kutali akugwira ntchito chaka chathunthu pa esiteti, kufesa nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa, n'kumadikira kuti fodya akagulitsidwe ku Chinkhoma, kenaka n'kuuzidwa kuti atachotsa chimanga chomwe anadya palibe chotsala. Pamene lamulo linathetsa mchitidwe wa utenanti mu 2021, ine ndinali mmodzi wa osangalala, ndipo ndinatchulapo Yakobo 5:4 pa maphunziro a Baibulo, ndime yonena kuti malipiro obisidwa a okolola m'minda akufuula. Sindinaganizepo kuti ndime imeneyi ingakhudze mphunzitsi wa pulayimale wa munda wa maekala awiri.

Nthawi ya malonjezo itakwana, msungichuma anaima ndi kope lake nayamba kuitana mayina. Aliyense wopereka ankapita kutsogolo, ndalama yake inkalengezedwa, amayi nalulutira. Dzina langa linali lachinayi. Ndinaimirira pomwe ndinakhala n'kunena kuti, "Pepani abale, langa ndidzakwaniritsa mwezi ukatha." Munali zii kwa kanthawi, kenaka msungichuma anapitirira pa dzina lotsatira. Sindinganame kuti ndinamva mtendere wina uliwonse. Ndinamva kutentha kumaso, ndipo ndinaona anyamata awiri a kwaya akunong'onezana. Mawu a pa Mateyu 5:23-24, akuti usiye mtulo wako patsogolo pa guwa uyambe wakayanjana ndi mbale wako, amamveka okoma powerenga, koma sanena kuti anthu akhala akukuyang'ana pamene ukubwerera.

Titaweruka sindinadikire nkhomaliro. Ndinavula jekete, ndinakwera njinga, ndipo pa dambo ndinachita kuinyamula chifukwa madzi anali m'mawondo. Pakhomo pa mayiwo ndinapeza agogo okalamba atakhala pakhonde ndi ana awiri, akusadzula nkhwani. Nditawalonjera ndinafunsa za eni nyumba, ndipo agogowo anati, "Apita kukapalira kwa ena uko, aphunzitsi, akuti akawapatsa madeya madzulo ano." Mawu amenewa anandilasa kuposa ulaliki wonse. Ine ndakhalapo m'bwalo la akulu a mpingo tikudzudzula Akhristu opezeka ndi khasu pa Sabata, ndipo lero munthu wagwira khasu pa Sabata chifukwa ine ndinali wotanganidwa ndi kusunga Sabatalo. Liwu lakuti madeya nalonso silimveka mopepuka kwa ife amene tinaona njala ya 2002, pamene Kasungu anali mmodzi mwa maboma omwe anavutika koopsa, anthu akuima pa chigayo kupempha gaga ndi kukumba zitsa za nthochi.

Podikira, agogowo anandifotokozera kuti Lachisanu ndi Loweruka anadya chifukwa cha bambo wina woyandikana nawo, amene anawabwereketsa ufa wodzaza beseni laling'ono popanda kufunsa tsiku lobweza. Bamboyo ndimamudziwa. Ndi mmodzi mwa akuluakulu a kudambwe, ndipo ife a mpingo timawatchula anthu otere kuti akunja, nthawi zina osatsitsa n'komwe mawu. Sindikufuna kunena zambiri pa iye, chifukwa za mumtima mwake sizili kwa ine, ndipo kusiyana kwa mpingo wathu ndi Gule Wamkulu ndi nkhani yakale yomwe sithera pa beseni la ufa. Koma ndili pakhondepo sindinathe kuthawa fanizo la pa Luka 10, momwe wansembe ndi Mlevi, anthu odziwa malamulo onse, analambalala munthu wovulala pa njira yotsika ku Yerusalemu kupita ku Yeriko, ndipo amene anaima anali Msamariya, wa mtundu womwe Ayuda sankayenderana nawo. Fanizoli ndaliphunzitsa kwa ana a Sande sukulu kosawerengeka, ndipo nthawi zonse ndinkadziika pambali pa Msamariya.

Mayiwo anafika dzuwa litapendeka, khasu lili paphewa, kathumba ka madeya kali pamutu. Atandiona anadabwa, natula katundu, nagwada chapatali. Ndinatulutsa envulopu, yomwe pamwamba pake panali patalembedwa kale dzina langa ndi mawu akuti malata, ndinawerenga K18,000 n'kuwapatsa ndi manja awiri. Ndinati, "Amayi, ndinalakwa kukuchedwetserani, ndipo ndinalakwanso kukubwezani mmawa uja ndalama ndili nayo m'thumba. Mundikhululukire." Iwo anawerenga ndalamayo pang'onopang'ono, kawiri, nati, "Zakwana, aphunzitsi. Zikomo." Kenaka anawonjeza, osati mokwiya koma ngati munthu wongonena za nyengo, kuti chimanga chakwera pa msika kuyambira Lachisanu, moti ndalama yomweyo igula chochepa kusiyana ndi chomwe ikanagula tsiku lomwe anamaliza ntchito. Ndinawapatsa K2,000 yotsalayo. Ndinafuna kuitcha mphatso, koma ndinadzigwira pakamwa, chifukwa inali yongobweza zomwe kuchedwa kwanga kunawadyera.

Pobwerera ndinadutsa pakhomo pa bambo wobwereketsa ufa uja. Anali pansi pa mtengo wa mango akusema mpini. Tinalonjerana mwaulemu monga mwa masiku onse, anandifunsa ngati madzi a pa dambo atsika, ndipo ndinamuyankha kuti sanatsike. Ndinafuna kunena china, koma sindinapeze poyambira, choncho ndinangokankha njinga n'kumapita.

Kunyumba ndinapeza nsima itazizira. Akazi anga anaitenthetsa, ndipo ataona envulopu yopanda kanthu patebulo anangofunsa kuti, "Mwawapeza?" Nditavomera anati iwo anali atakonzeka kugulitsa nkhuku ziwiri mawa kuti awalipire mayiwo mwakachetechete, ine ndisadziwe. Takhala m'banja zaka 19, ndipo ndikudzifunsa kuti ndi ngongole zingati zanga zomwe zinalipiridwa ndi nkhuku mwa njira imeneyi.

Usiku uno msungichuma watumiza uthenga pa foni, wofunsa mwaulemu ngati kunyumba kuli bwino, popeza si khalidwe langa kulephera lonjezo. Ndalemba yankho katatu, awiri oyamba n'kufufuta, chifukwa loyamba linkandionetsa ngati munthu wachifundo ndipo lachiwiri linkanamizira mavuto a zachuma. Lachitatu, lomwe ndatumiza, langonena kuti ndinali ndi ngongole ya ganyu yomwe inayenera kutsogola, ndipo za malata ndidzapereka pa 30. Ndisanazimitse nyali ndatsegula kope langa la za kumunda kuti ndifufute dzina la mayiwo, ndipo m'munsi mwake ndapezamo mnyamata amene anandikonzera khola la mbuzi mu Disembala, yemwe ndinamupatsa theka n'kumuuza kuti adzabwerenso. Sanabwere, ndipo ine sindinamufunefune. Kwawo ndi kuseri kwa sukulu, choncho mawa ndinyamuka msanga kuti ndidzere kumeneko belu lisanalire, ndikamuuze tsiku lenileni lomwe adzalandire zotsalazo.