Morris ya malume ndi ngumbi za mvula yoyamba

Malume anga atamwalira ku Zomba, katundu wawo sanachedwe kupeza eni. Wina anatenga wailesi, wina makina osokera, wina malata amene anali asanakhomedwe n'komwe. Ine anandisiyira chimene aliyense ankachilambalala: galimoto ya Morris Minor 1000 ya mu 1965, imene inagona pansi pa mtengo wa mapeyala kwa zaka zambiri nkhuku zikuikiramo mazira. Malumewo anali kalaliki wa boma nthawi imene Zomba inali likulu la dziko, ndipo galimotoyo anagula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975 iwo anakana kusamuka, ndipo galimotoyo inagwirizana nawo maganizo.

Tinaikoka ndi lole mpaka kwathu ku Chilomoni. Makaniko wina wachikulire, amene anaphunzira ntchito magalimoto a ku Mangalande akadali mbwee m'misewu muno, anaidzutsa pang'onopang'ono. Anali ndi masipanala a mainchi okulunga m'nsanza, chifukwa mabawuti a Morris samvana ndi masipanala a mamilimita. Tsiku limene injini inalira, anthu anatuluka m'nyumba ndi zidebe za madzi poganiza kuti kwinakwake kukupsa. Unali utsi chabe.

Pamenepo munthu wina akanathokoza Mulungu n'kuyamba kuyendera galimoto yake. Ine ndinalowa pa intaneti.

Ndinapeza kuti kagalimoto aka kwawo n'kolemekezeka kwabasi. Anakajambula ndi Alec Issigonis, yemwe uja anadzapanganso Mini mu 1959. Kanatuluka koyamba mu 1948, ankakapangira ku Cowley mumzinda wa Oxford, ndipo ndi galimoto yoyamba ya ku Britain kufika pa miliyoni imodzi. Anasiya kupanga mu 1971. Eni ake kumeneko amakumana pa kapinga, kuimika magalimoto pamzere, n'kutsegula maboneti kuti anzawo asuzumire. M'kati mwakemo, abale anga, mumachita kung'anima. Zipupa zozungulira injini zimakhala ndi utoto wofanana ndi wa thupi la galimoto, pamene injiniyo payokha ili ndi girini wake wakuderako wa BMC, kampani imene inkapanga magalimotowa. Nditatuluka panja n'kutsegula boneti yanga, ndinapeza kuti malume anapakamo ndi burashi penti wabuluu wotsala pa zitseko za nyumba, ndipo pamwamba pake oyilo ndi fumbi zinamanga ukwati wosatha.

Kunja dzuwa linali litawaula thupi lonse moti munthu sakanalumbira kuti utoto wake unali wotani. Koma pakhoma la kumbuyo kwa injini pali kachitsulo kolembedwa manambala a galimoto. Nditakamasula, pansi pake panali kachigamba kobiriwira biriwiri, kosalala, kamene dzuwa silinakaonepo chichokereni ku Cowley. Utoto umenewu dzina lake ndi Almond Green. Ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone.

Anasuzumira, manja ali ndi thovu la sopo, n'kufunsa kuti, “Ndione chiyani?”

“Utoto weniweni wa ku fakitale, mayi. Muno monse mukhala chonchi.”

“Abambo, kodi alipo amene amayenda boneti ili yasa?”

Sindinawayankhe. Nkhani zina zimafuna munthu amene anaonapo zithunzi.

Wosakaniza penti amene ndinamupeza ku Limbe anayang'ana chithunzi pafoni yanga n'kutenga chitini cha penti wa mageti. Nditamuuza kuti ndikufuna magirini awiri osiyana, wina wa zipupa wina wa injini, anandiyang'ana mwachisoni. “Girini ndi girini, bwana,” anatero. Mapeto ake ndinamulipirira minibasi ndi kabaza kuti adzaone kachigamba kaja ndi maso ake. Mnyamatayo ntchito amaidziwa, zimenezo sindingamunamizire. Anagwada pambali pa galimoto, kudontheza kachikasu, kudontheza koyera, kupaka pakachitsulo, kudikira kuti kaume chifukwa penti akauma amasintha nkhope, kenako n'kuyerekeza padzuwa. Pofika madzulo anapeza utoto umene ngakhale ine sindikanausiyanitsa ndi wa ku Cowley. Pochoka ananong'oneza mwana wanga kuti aziwayang'anira bambo ake.

Nthawi yomweyo kunabwera uthenga wochokera kwa achemwali anga. Mwana wawo wamkazi akukwatiwa kumayambiriro kwa Disembala, ndipo popeza malume tsopano ndi ine, mkwatibwi adzakwera Morris ya agogo ake kuchokera kutchalitchi kupita ku holo. Ndinavomera mosachedwa.

Injini tinaitulutsa ndi tcheni chomangirira panthambi ya mango, ndipo inalendewera pamenepo ngati mbuzi yosenda ya pa Khirisimasi. Ndi ya masilinda anayi, 1098cc basi, koma nthambiyo inalira. Kutsuka kwake ndiye kunandidya. Palafini, burashi ya waya, sandipepa, kenako palafini wina. Pashelefu pamene pamakhala batire, asidi anali atadya chitsulo mpaka kuboola, moti tinaitanitsa wowotcherera. Zala zanga zinatha khungu, foni inasiya kuzindikira chala changa, ndipo kutchalitchi anthu popereka moni ankandifunsa ngati ndayamba kuumba njerwa. Nditapaka penti woyambirira wotuwa uja, ndinabwereka makina opopera kwa mnzanga wopenta mabokosi a maliro. Anandiuza kuti masana amakhala ndi ntchito, ndingawatenge madzulo okha.

Tsiku limenelo masana kunagwa mvula yoyamba yeniyeni, ija imanunkhiritsa dothi. Ndinakondwa, chifukwa mdani wa penti wamuwisi ndi fumbi, ndipo fumbi lonse la Chilomoni linali litagona. Kutada ndinakoka waya kuchokera m'nyumba, kumangirira babu lowala kwambiri panthambi ya mango, pamwamba penipeni pa galimoto ndi injini. Ndinapopera zipupa, ndinapopera injini, mosathamanga, dzanja likuyenda mofanana monga ndinaonera m'mavidiyo. Penti anagona bwino osayenderera. Ndinabwerera m'mbuyo, manja m'chiuno, ndipo kunena zoona misozi inali pafupi.

Kenako china chake chinandigunda pakhutu. Chachiwiri chinatera pa injini, n'kuyesa kunyamuka, n'kulephera.

M'mavidiyo onse a ku Britain aja munalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchulapo za ngumbi. Zinabwera kuchokera kuchulu cha kuseri kwa mpanda, poyamba khumi, kenako mtambo wathunthu, zonse kulunjika pa babu langa. Ngumbi ikagunda babu imagwa, ndipo pansi pake panali Almond Green wosauma. Ndinavula malaya n'kuyamba kukupiza, zomwe zinangothandiza kuti zimene zikanaphonya zilowe bwinobwino. Ndinakuwa kuti wina azimitse getsi. M'malo mwake ana a m'nyumba zoyandikana anamva kuti kwathu kwatuluka ngumbi, ndipo anafika ndi mabeseni, zitini ndi nthambi zophumira. Kamwana kena kanapisa dzanja m'chipinda cha injini kutola zonona, n'kusiya zala zisanu pakhoma. Galu wathu naye analowerera. Pamene mwana wanga amazula pulagi, bwalo lonse linali mdima, ana akuseka, ine ndikuponda mabeseni.

M'mawa kutacha ndinapeza injini yamera mapiko. Kamphepo kakawomba, mapikowo ankagwedera onse pamodzi. Mayi a kunyumba anabwera ndi tiyi, anazungulira galimoto mwakachetechete, kenako anati, “Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kwanu kuno m'kati muli ngumbi.” Masana ndiwo zinali ngumbi zokazinga, zimene ana anatolera pansi. Ndinadya, chifukwa mkwiyo suletsa njala, ndipo zinali zokoma.

Ndinayambiranso sandipepa. Masiku anali atatha, makina opopera mwini wake ankawafuna chifukwa kunagwa maliro awiri, ndipo nyuzipepa zimene ndinakutira mawaya ulendo woyamba zinali zitanyowa n'kung'ambika. Zotsala m'nyumba mayi anali atayatsira mbaula. Ndinayang'ana mawaya akale othimbirirawo n'kuona kuti kapenti pang'ono sikangawapweteke, mwina kangawakongoletse kumene. Ndinapopera m'mamawa, nthawi imene ngumbi zili mtulo, ndipo ndinapopera mowolowa manja. Chilichonse chimene chinali m'njira chinalandira gawo lake.

Makaniko uja atabwera kudzabwezeretsa injini, anaima nthawi yaitali osalankhula. Kenako anavula chipewa.

“Achimwene, mawaya ali kuti?”

“Ndi amenewo, madala. Onse alipo.”

“Ndikuona kuti alipo. Ndikufunsa kuti wabulawuni ndi uti.”

Apa m'pamene anandiphunzitsa, mokweza mawu kuti oyandikana nawo nyumba apindule nawo, kuti magetsi a Lucas a m'magalimoto a ku Britain amawerengedwa ndi utoto wa waya. Wabulawuni amachokera ku batire ndipo amakhala ndi moto nthawi zonse. Woyera amadzuka ukatembenuza kiyi. Wofiira ndi wa magetsi ang'onoang'ono, wabuluu ndi wa magetsi akuluakulu akutsogolo, wakuda ndi wa earth, uja womangidwa ku chitsulo cha galimoto, ndipo wobiriwira ndi wa zinthu monga mawaipa, zodutsa pa fyuzi. Mafyuzi m'galimoto yonse alimo awiri okha. Tsono malinga ndi ntchito yanga, anatero, galimoto yonseyi ndi waipa. Tinakhala pansi ndi malezala kupala waya uliwonse kunsonga kuti uulule mtundu wake, iwo akung'ung'udza nyimbo ya maliro. Anandikumbutsanso kuti Morris ya zaka zimenezo mbali ya batire imene imalumikizidwa ku thupi ndi ya pulasi, mosiyana ndi magalimoto a lero, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisakhudze kanthu iwo kulibe.

Usiku woti mawa ndi ukwati galimoto inalira. M'mawa inaliranso. Tinaimanga maliboni, ine ndinavala suti, ndipo kutchalitchi tinafika bwinobwino anthu akuimba nthungululu. Mkwatibwi ndi mkwati anakhala kumbuyo, diresi litadzaza mpaka m'mawindo, ndipo mdipiti unanyamuka ife tili patsogolo, mahutala akulira.

Morris ili ndi pampu ya petulo yamagetsi ya SU, yomangidwa pakhoma lomwe lija la kumbuyo kwa injini, ndipo ikamagwira ntchito imamveka kuti thi, thi, thi. Tili mumsewu wa Masauko Chipembere, chakufupi ndi Ginnery Corner, ndinazindikira kuti sindikumvanso thi. Injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete. Magalimoto onse a ukwati anaima kumbuyo kwathu, ndipo kumbuyo kwa iwo kunaima Blantyre yense.

Ndinatembenuza kiyi. Sitata inabuula mwaulesi. Ndinatembenuzanso, n'kugwiritsa nthawi yaitali. Apa mkwati anati, “Malume, kukununkha.” Kuchokera pa kachingwe ka choke, kaja timakoka injini ikazizira, kunkatuluka utsi woonda. Nditakagwira ndinakasiya msanga ndi mawu amene malume sayenera kutchula pamaso pa mkwatibwi. Zimene ndinadzamva pambuyo pake n'zakuti magetsi amabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto, ndipo pamene waya wa earth amamangidwa pamafunika chitsulo chosapaka kanthu. Pampu inali itakhala pa penti wokhuthala, lamba wa earth wa injini nayenso anali pa penti. Moto wa sitata utasowa njira unadzipezera yake m'kachingwe ka choke, n'kukasandutsa waya wa mbaula yamagetsi.

Mkwatibwi anatuluka akutsokomola, azimayi akumunyamulira diresi, ndipo anakwezedwa kutsogolo kwa lole imene inanyamula gulu la amayi oimba. Mkwati anakwera kumbuyo, pakati pa azakhali ake. Nyimbo sinaduke n'komwe, anangosintha mawu n'kuikamo dzina langa. Mayi a kunyumba podutsa pa galimoto ya achemwali anatsitsa galasi, ndipo sananene kanthu, anangoyang'ana boneti imene ndinali nditangoitsegula, yasa, pakati pa msewu.

Anthu anaunjikana: oitanira minibasi, akabaza, ogulitsa mayunitsi, wapolisi wapamsewu. Dzuwa linawomba m'chipinda cha injini ndipo Almond Green anang'anima. Wina anaimba mluzu. Wina anati injini yoyera chonchi sanaionepo, n'kutheka kuti n'chifukwa chake sikuyenda. Ine ndinkapala penti pansi pa bawuti ndi kiyi wa nyumba, thukuta likuyenderera m'suti, kenako ndikugogoda pampu ndi sipanala monga amachitira eni ma Morris dziko lonse lapansi, koma makutu anali kwa oyamikirawo.

Pakati pawo panali gogo wina wa jekete yakale ndi ndodo. Anawerama, anavala magalasi, anayang'ana zipupa, anayang'ana injini. Anati anagwirapo ntchito m'galaja nthawi ya atsamunda ndipo ma Morris anawasamalira ambiri.

“Utoto uwu ndi womwewo,” anatero. “Wa injininso ndi womwewo. Mwana wanga, mwaupeza.”

Ndinaimirira, ndinakonza tayi, ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione ngati wapolisi wamva. Pampu nayo inati thi, thi, thi.

Gogoyo anagogoda kutsogolo ndi ndodo yake.

“Koma rediyeta iyi mwaipakiranji girini? Ku fakitale inkabwera yakuda.”