Girinipepa akawola kunsi, yang'anani kaye kathiriridwe

Okutobala akafika, funso lomwe anzanga a kudimba amandifunsa kwambiri ndi limodzi: bwanji girinipepa wanga akuwola kunsi chonsecho mbewu ili yobiriwira bwinobwino? Pamwamba chipatso chili chonyezimira, koma ukachitembenuza umapeza banga lofewa ngati lanyowa, lomwe kenako limauma n'kuda bii. Ena amathamangira mankhwala opopera, ena amawonjezera feteleza. Ine ndimati ndalamazo zisungeni kaye, tikambirane za madzi.

Kuwola kumeneku sikubwera ndi tizilombo. Chipatso chimakhala chaperewedwa mchere wa m'nthaka wotchedwa kashiamu pa nthawi yomwe chikukula, ndipo nthawi zambiri kashiamuyo m'dothi alimo. Vuto n'lakuti amayenda ndi madzi basi, ndipo kukatentha masamba ndi omwe amakoka madzi ambiri, chipatso n'kutsalira. Ndiye mukasiya bedi liume masiku angapo chifukwa munapita ku maliro kapena ku msika, pobwera n'kulikhuthulira madzi mpaka kusefukira, tizipatso tomwe tinali tikukula m'masiku a ludzuwo tavulala kale. Banga limadzaonekera mochedwa, inu mutaiwala.

Tsabola amafuna chinyezi chosasinthasintha. Ine ndimathirira m'mamawa dzuwa lisanakwere, pansi pa mbewu osati pamasamba. Ndisanatunge madzi ndimapisa chala m'dothi mpaka chonse chilowe. Chikatuluka chozizira, dothi litamatirira, bedi limenelo ndimalidumpha. Dimba langa mbali ya kumtunda ndi ya mchenga, imafuna madzi pafupifupi tsiku lililonse nyengo yotentha, pomwe ya kumunsi ndi makande ndipo imasunga chinyezi nthawi yaitali. Kuthirira mabedi onse makheni ofanana n'kulakwira ena.

Kuphimbira ndiye sindinyengerera. Udzu wouma kapena mapesi, wokhuthala ndithu, koma osagunda tsinde kuopa chiswe ndi kuwola. Masana dzuwa likuswa mtengo, mukakweza udzuwo n'kugwira pansi mupeza pozizira, pomwe bedi la pambali losaphimbira lang'ambika ming'alu.

Palinso chomwe chimapusitsa ambiri. Tsabola akafota masana koma madzulo n'kudzuka, palibe chodetsa nkhawa. Koma akafota m'mawa dothi lili chinyowere, musawonjezere madzi ayi, mizu ikubanika ndipo yayamba kuwola. M'madambo momwe madzi amadikha, kwezani mabedi.

Pa feteleza, chomwe chimandipweteka mtima n'kuona anthu akusamutsira kudimba chizolowezi cha m'munda wa chimanga. Yotsala m'thumba la urea, yonse ku tsabola! Urea ali ndi nayitrojeni 46 pa 100 iliyonse. Mbewu imasangalala, masamba aakuluakulu obiriwira, koma maluwa amachedwa kapena kuyoyoka, ndipo masamba ochulukawo ndi omwewo amalanda chipatso madzi. Onaninso manambala a pathumba. Pa feteleza wa 23:21:0+4S, nambala yachitatu ndi ziro, kutanthauza kuti mulibe potaziyamu, pomwe mbewu yobereka zipatso imamufuna kwambiri. N'chifukwa chake powokera ndimakonda feteleza wa D Compound, yemwe ali ndi potaziyamu, pamodzi ndi manyowa owolerana bwino. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu, zisiyeni ziwole kaye. Amene thumba la feteleza lawakanika, manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono, amathandiza, ndipo phulusa lomwe limalowamo lili ndi potaziyamu.

Maluwa akayamba ndimabereketsa ndi feteleza wa CAN, pang'onopang'ono koma kangapo, m'malo mothira wambiri kamodzi. Ndimathirira kaye, kenako ndimaboola kadzenje motalikira tsinde ngati kutambalala kwa dzanja, n'kuthiramo feteleza wodzadza kachivindikiro ka botolo, n'kukwirira. Feteleza wothira pa dothi louma amangowotcha. Ndipo musadalire kuti poti CAN ali ndi kashiamu ndiye kuwola kutha. Popanda madzi okhazikika, kashiamuyo amangokhala m'dothi.

Maluwa kuyoyoka si njala nthawi zonse. Kutentha kukapitirira madigiri 32, tsabola amataya maluwa ngakhale mumudyetse bwanji. Apo chothandiza n'kuphimbira ndi kusaphonya madzi, mpaka nyengo ifewe.

Kambuzi yekha savuta chonchi, zipatso zake n'zazing'ono ndipo siziwola kunsi kawirikawiri. Akayamba kupsa ndimamuchepetsera madzi pang'ono kuti aziwawa bwino, koma girinipepa musamuyesere zimenezo.

Zipatso zomwe zagwidwa kale sizichira, zithyoleni msanga kuti mbewu isatayirepo mphamvu. Mukakonza kathiriridwe, zobwera pambuyo zimatuluka zabwino pa mbewu yomweyo, palibe chifukwa choizulira. Ndipo posankha zopita nazo ku msika wa Lizulu, tembenuzani chipatso chilichonse muli kudimba komweko, chifukwa mavenda ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre akapeza ziwiri zowola pamwamba pa dengu, amagwetsa mtengo wa dengu lonse.