Njinga ija ndi Greeves, abale

Anzanga, chinjinga chamoto chadzimbiri chomwe ndinagula mwezi watha kuno ku Britain, lero ndachidziwa dzina. Ndi Greeves, ya mpikisano wa m'matope, yopangidwira ku Thundersley m'dera la Essex.

Pathanki panalibe chizindikiro chilichonse, penti yonse inasupuka kalekale. Chomwe chandiuza zoona ndi fulemu. Kutsogolo kwake, kuchoka pakhosi kutsikira ku injini, kulibe paipi monga njinga zina, kuli chimtanda cha aluminiyamu choumba. Mafoloko ogwira tayala lakutsogolo nawonso ngachilendo: m'malo mwa masipuling'i muli mphira yomwe imapotokola tayala likagunda bampu. Nditaona zimenezi mtima unagunda kwambiri. Injini ndi ya Villiers ya ku Wolverhampton, ya two-stroke, ija imayendera petulo wosakaniza ndi oyilo. Njinga za kampani ya Greeves ndi zomwe Dave Bickers anapambana nazo ukatswiri wa ku Ulaya wa 250cc mu 1960 ndi 1961, ndiye taganizani, ina yagona m'galaja mwanga!

Ntchito ilipo yambiri. Mphira ija inauma n'kung'aluka, pisitoni inakakamira. Masipanala anga a mamilimita sakugwira bwino mabawuti ake, ndafunika kupeza a Whitworth, muyezo wakale wa ku Britain, ndipo sindikakamiza kuopa kudya mitu ya mabawuti.

Ena akuti ndiipente iwale ngati yatsopano. Ine ayi. Thanki yopindikayo ndiisiya choncho, inapindikira pampikisano. Loweruka ndipala fulemu pang'onopang'ono kuti nambala yake ioneke, ndidziwe chaka chomwe inapangidwa.