Zikomo alamu, 86 ija yafika

Yafika, abale anga. Toyota 86 imene ndakhala ndikukusokosani nayo zaka zonsezi ili pakhomo pano. Msonkho walipidwa, manambala amangidwa, makiyi ali m'thumba mwanga. Msana ukuwawa, maso akulemera, chichokereni ku Songwe sindinagone tulo tokwanira, koma ndati ndilembe lero lomwe mtima udakali wotentha.

Ndiyambe ndi Mwini moyo. Ambuye, Inu munkaona usiku uja ndinkawerenga ndalama n'kuziwerenganso koma osakwana. Munamva pamene ndinati basi, ndazisiya. Sindinakupempheni mankhwala kapena chakudya, ndinakupemphani chinthu chimene mtima wanga unangochikonda, ndipo simunandinyoze nacho. Landirani ulemu wonse.

Akachoka Mulungu, pakubwera alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu. Dzina sinditchula, iwo sakonda kutchulidwa pa Facebook, achemwali ndi amene awawerengere zimenezi. Amene mumatidziwa mwawazindikira kale: aja amayendetsa thanki ya mafuta pa msewu wa ku Dar es Salaam. Alamu, khalani pompo, nkhani yonseyi ndi yanu.

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti kodi galimoto ya zitseko ziwiri ndinaionamo chiyani. Lero ndiyankhe kamodzi. Ndinali ndidakali wophunzira zamagetsi a galimoto ku Biwi pamene yoyera ina inalowa pa galaja, mafani ake akuvuta. Abwana anandituma kuti nditsegule boneti. Nditatsegula ndinaima kaye. Injini yake sinaime chilili monga tinazolowera pa Corolla kapena Vitz. Inachita kugona pansi penipeni, masilinda awiri uku, awiri uku, mapisitoni akumenyera m'mbali. Pamwamba pake panalembedwa mayina awiri, Toyota ndi Subaru. Ndinafunsa akuluakulu a pa galaja, mayankho awo sanandikhutitse, ndiye ndinakafufuza ndekha. Makampani awiriwa anaipangira limodzi, inatuluka mu 2012, ndipo ankaimanga ku fakitale ya Subaru ku Gunma, ku Japan, pamodzi ndi inzake yofanana nayo yotchedwa BRZ. Kholo lake ndi AE86, Corolla ya m'ma 1980 imene inkakankha ndi matayala a kumbuyo.

Injini ndi ya 1998cc, yopanda turbo, horsepower 200. Anyamata a ma Mark X amandiseka akamva zimenezo, amati zawo zimaposa pamenepo. Zoona, zimaposa. Koma 86 sanaipangire mpikisano wa pa msewu wowongoka. Ndi yopepuka, siifika makilogalamu 1,300, kulemera kwake kuli pansi, mphamvu imapita kumbuyo, ndiye matayala a kutsogolo ntchito yawo ndi kukhota basi. Anaiveka dala matayala osatambalala kwambiri, a mtundu womwe ankaika pa Prius, n'cholinga choti woyendetsa azimva m'manja ndi m'chiuno zimene galimoto ikuchita asanafike pa liwiro loopsa. Munthu amene amagwira sipanala akamva kaganizidwe kotero, mtima sungakhale m'malo. Mwini wake wa yoyera ija anandilola kuitulutsa pa galaja kukafika nayo pa msewu. Giya yoyamba, yachiwiri, n'kubwerera. Matenda anayambira pamenepo.

Amayi a kwathu kuno, mayi wa ana anga, zikomo. Munandiuza poyera kuti denga la nyumba liyambe, fizi ya ana isadzachedwe ngakhale teremu imodzi, zikatero za galimoto simudzaletsa. Mawu anu munawasunga. Masiku amene ndinkafika usiku ndi manja akuda, nditatsalira kumanga ma alamu ndi kukonza ma sitata a anthu, madzi osamba ndinkawapeza ofunda ndipo simunandiwerengere maola. Gawo lanu la ku banki m'khonde munandipatsa osakupemphani. Amene akunena kuti ndadyera ana galimoto abwere adzaone denga, adzafunsenso ku sukulu.

Za kwacha mukuzidziwa nonse, sindichulutsa. Mu Meyi 2022 inagwa ndi 25 peresenti, ndinapirira. Mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. M'buku ndalama zanga zinali zomwezo, koma ku Japan zinali zitasanduka theka la galimoto. Kenako madola anasowa. Umalembetsa, umadikira, pa intaneti ukuona ndi maso ako galimoto imene unaisankha ikulembedwa kuti yagulidwa. Ine ndinkafuna ya giya ya pamanja, ya magiya 6, osati otomatiki, ndiye ikapita imodzi kupeza ina yabwino sikunali kwa lero ndi mawa.

Nthawi imeneyo ndi imene ndinadziwa anthu. Amene munandilangiza kuti ndigule Sienta ndizinyamula anthu a ku Salima, ndilibe nanu mlandu, munkandifunira zabwino monga mmene inu mumazionera. Koma pali ena. Tinkadyera limodzi kanyenya, galimoto zawo ndinkazikonza pa ngongole, ina mpaka lero sinabwezedwe. Nditapempha kuti andibwerekeko pang'ono pa nthawi yothina, mafoni anayamba kungoitana. Ena ankakamba kumbali kuti wamagetsi wa ku Biwi wapenga, akulota masana. Dzulo chithunzi chitangotuluka, omwewo ndi amene ayamba kulemba kuti "tinadziwa kuti uzitha," wina wafunsa kale ngati ingakanyamule akwati. Mauthenga anu ndawaona. Sindikusungirani chakukhosi, koma sindinaiwale.

Alamu okha ndi amene sanandifunsepo kuti idzanyamula matumba angati a chimanga. Anandifunsa funso limodzi, tili pa khonde kwawo: "Alamu, mtima wanu uli pa imeneyi?" Ndinati ee. Anati, "Ndiye tiyeni." Munthu wa zaka zambiri pa msewu, amene galimoto kwa iye ndi khasu lodyera, sanaone chachilendo kuti mnzake akonde galimoto chifukwa chongoikonda. Alamu, mawu awiri amenewo anandinyamula miyezi yonse yovuta.

Ndalama zitadutsa, galimoto inakwera sitima, inafika pa doko la Dar es Salaam. Apa ndi pamene ndinatsala pang'ono kuluza zonse. Munthu amene anapatsidwa ntchito yoitulutsa analandira ndalama zake zonse, kenako foni inazima. Amene munaitanitsapo galimoto mukudziwa kuti masiku aulere akatha, ya malo osungira imayamba kuwerengedwa tsiku ndi tsiku, m'madola. Ine ndili ku Lilongwe, Chiswahili sindidziwa, m'thumba mulibe kanthu. Ndinkadzuka pakati pa usiku kutuluka panja, kungoyendayenda pabwalo.

Alamu anali ku Dar komweko, akudikira kupakira mafuta. Sindinawapemphe. Achemwali ndi amene anawauza kuti mlamu wanu sakudya. Iwo anapempha tchuthi kwa abwana awo, thanki anaisiyira mnzawo, ndalama ya ulendo umenewo n'kuitaya. Anapeza kachipinda ku Kurasini, pafupi ndi doko, n'kuyamba kuyenda ndi mapepala anga khomo ndi khomo, kutentha kwa ku Dar kuja, mpaka anapeza ejenti wina wokhulupirika amene anayambiranso ntchito yonse. Ndalama yolipira ejenti watsopanoyo ndi ya malo osungira inachokera kuti? Ndinamva mochedwa, kwa achemwali, kuti inali ya feteleza wa munda wawo. Alamu, feteleza. Munaika chakudya cha ana anu pa maloto a ine. Ndikulemba pano misozi ikutsika ndipo sindikuchita nayo manyazi.

Sanathere pomwepo. Anakana kuti tilembe dalaivala wachilendo, anati ambiri amathamangitsa galimoto za eni kuti abwerere msanga kukatenga ina, ndipo yotsika chonchi angafike nayo bampala ili m'manja. Pansi pa 86 ndi pa msewu pamangotsala masentimita 13 okha. Msewu wochoka ku Dar kufika ku malire ndi wa makilomita pafupifupi 900, mahampu osawerengeka, m'midzi liwiro ndi 50. Munthu wozolowera kukhala pamwamba m'thanki anakhala pansi pafupi ndi phula, n'kuiyendetsa monga mmene mayi amasenzera mtsuko wodzaza pa njira yoterera. Hampu iliyonse ankaikwera chopingasa. Morogoro, Mikumi pakati pa nyama zakutchire, mapiri a Kitonga kumene malole amakwawa mondondozana, Iringa, Makambako, kukhota pa Uyole, kutsika ku Tukuyu mpaka Kasumulu. Usiku sankayenda. Akaima ankandiimbira kundiuza pamene afika, kuti oyilo ali bwino, madzi ali bwino, ndigone. Asanawoloke anaidzaza thanki yonse, malita 50, podziwa mmene mafuta akuvutira kwathu kuno.

Ine ndinakwera basi kukawachingamira ku Songwe. Msonkho amawerengera pa mtengo wa galimoto m'madola, poonanso zaka zake ndi kukula kwa injini, ndiye kugwa kwa kwacha kunandiluma kachiwiri pomwepo. Ndalama inaperewera. Anyamata a pa galaja, inu a chipereganyu chathu, munasonkherana usiku womwewo pa Airtel Money ndi Mpamba, wina K20,000, wina K50,000, mpaka wophunzira wathu wamng'ono amene salandira n'komwe malipiro anaponyapo yake. Mulungu akuonjezereni pamene munachotsapo. Zikomonso bambo a kasitomu amene munandifotokozera mapepala mofatsa, osandipupulumitsa, mutaona kuti manja anga akunjenjemera.

Nditaiona koyamba inali ndi fumbi la Tanzania yense, yofiira, yaifupi kuposa mmene ndinkaikumbukira. Alamu anali atatsamira chitseko, maso ofiira ndi tulo, ataonda. Ndinathamangira iwo ndisanaikhudze galimoto. Anati tipemphere kaye, ndipo tinapemphera pomwepo pakati pa malole, anthu akutiyang'ana. Atatha anandipatsa makiyi ndi manja awiri, ngati wamkulu ndine.

Kuchoka ku Karonga nyanja ili kumanzere, ndinkayenda mwamantha, ndikumvetsera phokoso lililonse. Koma pa Chiweta, pamene msewu umasiya nyanja n'kuyamba kukwera mokhotakhota, ndi pamene ndinalandira chimene ndinadikira zaka zonsezi. Sindinathamange. Giya yachitatu, yachiwiri pa kona yothina, chiwongolero ukangochipotoza pang'ono mphuno yalowa kale, thupi la galimoto osapendekeka, kumbuyo kukukankha. Kulira kwa injini yogona ija kumabwera m'kati momveka bwino ikamakwera. Zonse zimene ndinkawerenga usiku pa foni ndinazimva m'manja mwanga. Alamu anakhala chete mpaka pamwamba, kenako anati tsopano amvetsa. Kwa ine mawu amenewo akuposa galimotoyo.

Ku Mzuzu tinaima pa mzere wa mafuta, ku Chikangawa tinapeza nkhungu, maenje a pa M1 tinawazemba limodzi, iwo akuloza ine ndikukhota. Mayi anga tinawapeza pa Mponela. Njira ya kumudzi siingalole galimoto yotsika chonchi, ndiye anachita kubwera pa msewu ndi kabaza, atavala chitenje chawo cha ku Chigwirizano. Anaizungulira, anaika dzanja pa denga, n'kupempherera kuti isadzakhetse magazi a munthu. Amayi, pemphero lanu ndalisunga. Achinyamata amene mwayamba kale kundiitanira mipikisano ya usiku, yankho ndi ayi. M'misewu yathu muli ana a sukulu, a kabaza ndi amayi osenza katundu. Sindinavutike chonchi kuti ndikalize maliro pakhomo pa wina. Yobwereketsanso si imeneyi.

Achemwali anga, zikomo chifukwa chosakwiya mutamva za feteleza uja. Mukanatha kundiimbira n'kundilalatira, ndipo mukanakhala mukulondola. M'malo mwake munandiuza kuti ndidye, ndisadwale. Abusa ndi a kwaya yathu amene munkandifunsa Lamulungu lililonse kuti nkhani ili pati, zikomo. Abwana anga akale amene munandituma kutsegula boneti ija, mwina munaiwala, ine ayi.

Alamu, ndibwerere kwa inu, ndipo ndinene pamaso pa anthu onsewa kuti akhale mboni. Feteleza wanu ndigula ine mvula isanagwe, matumba onse, ndipo ndidzabwera nawo ndekha kumunda. Ndalama ya ulendo umene munautaya ndibweza mwezi ndi mwezi mpaka ithe, musadzakane monga mwayamba kukanira pa foni. Galimoto iliyonse imene mudzakhale nayo, waya wake ndi wanga moyo wanga wonse, simudzalipira ngakhale fyuzi. Zimenezi sizikufika pa zimene munachita, ndikudziwa, koma ndi zimene manja angawa angathe. Ambuye akutetezeni pa msewu wa ku Dar, akupatseni maso usiku, mabuleki asadzakukaneni pa Kitonga, mudzaone zidzukulu zanu zikukula.

Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndikubwera kwanu. Amayi a kuno akonza nkhuku yachikuda ndi nsima ya mgaiwa imene mumaikonda ija. Achemwali akhale kutsogolo, ine ndidzipinda kumbuyo, chiwongolero mugwire inuyo.