Sabata ya migolo ya phula

Lolemba kontena inafika pakampu yathu ya ntchito ya msewu kuchokera kudoko la Beira, mkati muli migolo 110 ya phula la 80/100 (nambala yosonyeza kulimba kwa phulalo), uliwonse makilogalamu 180. Chitseko sichitsegulidwa mwachisawawa. Panjira migolo imasuntha n'kutsamira chitseko, ndiye timayamba tamanga tcheni pa zitsulo zotsekera, kenako munthu mmodzi amatsegula pang'ono ataima chambali. Lole iime pamalo athyathyathya, buleki yamanja yokoka, matayala atapingidwa ndi zipika.

Migolo ya phula ndi yachitsulo chopyapyala. Mano a forklift, galimoto yonyamulira katundu, amaiboola mosavuta, n'chifukwa chake timamangirira chopanira mgolo kumanoko, kuona kaye ngati mapini ake alowa ndiponso ngati paipi ya haidiroliki sikudontha. Mgolo umodzi nthawi imodzi, katundu ali pansipansi, wopereka zizindikiro mmodzi yekha. Akachuluka okuwa, dalaivala sadziwa womumvera.

Lachiwiri forklift inapita kukwale kophwanyira miyala, anyamata ena n'kuyamba kuyala matayala akale pansi kuti azingogwetsera migolo. Akapitawo anakaniza: “Achimwene, mgolo umenewo ukadumpha patayala sufunsa mwendo wa ndani.” Zoona, umadumphadi, komanso msoko wake umang'ambika. Tinaika matabwa awiri okhuthala, zingwe ziwiri zomangidwa mkati mwa kontena zikudutsa pansi pa mgolo, amuna awiri pamwamba akumasula pang'onopang'ono. Kunsi kwa matabwa sikuima munthu. Ndi zochedwa, koma tsiku linatha zala zonse zilipo.

Lachitatu usiku kunagwa mvula yoyamba, ndipo vuto lenileni linaoneka Lachinayi pa makina osungunulira. Mgolo woimika umasunga madzi pachivundikiro, ndipo chivundikiro chikakhala chopindika madziwo amalowa mkati. Phula mu thanki limakhala pa madigiri 150 mpaka 160, pomwe madzi amawira pa 100. Kapu imodzi ya madzi ikasanduka nthunzi imafufuma pafupifupi ka 1,700. Phulalo limachita thovu, kukwera ngati mkaka pamoto, kusefukira, ndipo likakhudza chopopera moto ndiye mwayatsa kampu. Chizindikiro chake ndi kuthetheka, ngati chiwaya chimene mwaponyamo mbatata yonyowa. Mukamva zimenezo zimitsani moto, lekani kulowetsa migolo, onse atalikire mpaka thovu litatsika.

Choncho mgolo uliwonse tinautsegula, kuupendeketsa, kupukuta ndi chiguduli, kenako kuuika chozondoka pa njanji kuti chokankhira chiulowetse m'chipinda chotentha. Chivundikiro timadula ndi tchizulo kapena chodulira migolo, osati ndi gasi. Migolo ya MC-30, phula lamadzimadzi lothira pa gelevulo tisanayale tala, ili ndi mafuta onga palafini, moti imakhala payokha kutali ndi moto ndi osuta fodya.

Pa zovala pali kanthu kamene ambiri amaphonya. Miyendo ya ovolosi ikhale kunja kwa jombo, manja a ovolosi aphimbe magolovesi. Mukapisira thalauza m'jombo, phula likadontha limatsetserekera kuphazi n'kumapsa momwemo. Chishango chakumaso ndi cha aliyense woyandikira thanki, ngakhale kutenthe bwanji.

Wina akapsa, thirani madzi ozizira kwa mphindi 20 ndipo musamatule phulalo, limachoka ndi khungu. Musalipake dizilo. Apite nalo kuchipatala lili pomwepo. Pa chifukwa chimenechi mgolo wa madzi oyera umakhala pafupi, wovundikira, koma chozimitsira moto ndi cha ufa kapena mchenga. Madzi pa phula loyaka amangolimwaza.

Lachisanu inali ntchito yosanja. Migolo yotsala tinaigoneka pa matabwa, zivundikiro zonse mbali imodzi, zipika kumapeto kwa mzere, lona pamwamba. Itatu inapezeka yodontha, tinailemba ndi choko kuti ilowe koyamba m'makina osungunulira Lolemba. Yopanda kanthu tinaiwerenga kawiri, poti imasowa msanga, anthu amaifuna pa zitseko za makola.